Mluzu wa mu Injini

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine thupi lili gwa. Odwala kuno ndi galimoto yanga ndi nzeru za ana a masiku ano. Akundilembera kalatayi ndi atelala oyandikana nane, poti mwana wanga wamkazi uja sitikuyankhulana. Wandilanda makiyi.

Nkhani yake ndi iyi. Galimotoyo ikamathamanga ilibe chifukwa, koma ndikangoima pa maloboti, injini imanjenjemera n'kuzima. Tsiku lina inazima pakati pa mphambano, ine ndikupondabe mafuta, ndipo akuti a kumbuyo anaimba mahutala mpaka kutukwana. Kaya. Mahutala a masiku ano amalira ngati udzudzu.

Matendawo ine ndikuwadziwa. Mu injini muli kamluzu koonda, kosalekeza. Injini ikayamba mluzu ndiye kuti ikuthamanga mopitirira, choncho m'mawa uliwonse ndimatsegula boneti n'kubweza pang'ono kasikuluwu ka pa kabuleta kuti mtima wake ukhale pansi. Inu mukudziwa, galimoto ndakhala ndikuikonza ndi khutu kuyambira musanakwatiwe, popanda kuponda pakhomo pa sukulu.

Ndiye Loweruka kunabwera mkamwini, makaniko wa satifiketi, wa ovolosi yochita kusita. Anamasula mapulagi n'kumawanunkhiza ngati mbuzi, anapemerera sefa ya mpweya, anapapasa timapaipi tonse kufuna poboola. Sanapeze kanthu. Kenaka anapotoza kasikuluwu kanga kaja, n'kunena kuti winawake anakabweza kwambiri, injini ikusowa mphamvu yodikira galimoto ikaima. Anadonthezapo utoto wa zikhadabo wa mkazi wake, ati chizindikiro. Taonani ukatswiri wake, achemwali: galimoto ya mwamuna kuipaka zodzola!

Mawa lake inazimanso. Atabwera n'kuona kuti chizindikiro chasuntha, anafunsa wagwirapo ndani. Ndinati mwini wake. Ndinamuuza za mluzu, iye n'kunena kuti saumva. Ndinati makutu ake anawasiya m'kalasi.

Apo anailiza injini, n'kundipempha mwaulemu wake wachinyengo uja kuti nditembenukire kukhoma. Patapita kanthawi anabwera pafupi n'kufunsa mokuwa, ngati akuitana ng'ombe:

"Bambo, mluzu uja ukumvekabe?"

"Ukumveka, ndipo wakula," ndinatero.

Nditacheuka, ndinaona makiyi ali m'dzanja lake, fani itaima zii. Mwana wanga anali pakhonde atagwira pakamwa.

"Injini ilibe vuto, bambo," anatero mkamwiniyo. "Mluzuwo uli m'makutu mwanu."

Wobadwa dzulo, amene nditamuona koyamba sankadziwa kugwira sipanala! Injini yotentha imapitiriza kulira ngakhale uizimitse, zimenezo m'mabuku mwawo mulibe. Ine ndimaumva mluzuwo ngakhale ndili m'chipinda, chifukwa galimoto imaima pafupi ndi zenera. Galu wamkulu sauwa chabe.

Tsono mwana wanga wamkaziyo waika makiyi m'chikwama chake, akuti sandipatsa mpaka ndipite kuchipatala cha makutu, ndisanaphe munthu pamsewu. Ine kuvala kankhono komvera m'khutu ngati atsikana a mawayilesi? Galimoto ili pabwalo, nkhuku zayamba kugona pansi pake, ndipo anthu amene ndinkawanyamulira matabwa akundidutsa pa malole a ena.

Pempho langa ndi limodzi. Mwanayu amamvera inu azakhali ake kuposa ine womubala. Muuzeni abweze makiyi. Za chipatala musazitchule n'komwe.

Poyankha musaimbe foni, mafoni a tsopanowa amangonong'ona. Lembani kalata, atelala adzandiwerengera. Iyinso andiwerengera, milomo yawo imayenda bwino ndithu, ndiye ndikhulupirira alemba zonse. Kungoti nawonso makina awo osokera ayamba kamluzu komweko. Ndawauza athire oyilo, angondiyang'ana.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Ndikulakalaka nditamvanso mawu anu, achemwali. Mukadzabwera, mudzakhale kumanja kwanga.

Ndine mlongo wanu,
Mwini galimoto