Sooi wakana kutsika padenga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 66, ndipo nkhunda za mpikisano ndinayamba kuweta ndili pasukulu. Koma zimene ndachita mwezi uno, ngakhale wongoyamba dzulo sangachite.

Ndili ndi nkhunda yaimuna, Sooi, ya zaka zisanu ndi chimodzi. Monga timachitira tonse nyengo ya mipikisano, ndimamupatula ndi mkazi wake Fien sabata yonse. Asanalowe m'dengu lopitira kumpikisano ndimamuonetsa Fien mphindi zochepa, basi. Akakamasulidwa ku France amabwerera ngati wamisala, podziwa kuti mkazi akumudikira pachisa. Sanandichititsepo manyazi.

Ndiye tsiku lina tikumwa mowa ku kalabu yathu ya oweta nkhunda, Staf, mnzanga woyandikana naye nyumba amene timapikisana naye chiyambire, anandinong'oneza kuti, "Aise, nkhalamba yakoyo yazolowera. Ithire nsanje! Ikamo mwamuna wina m'chisa mwake iyo ikuona, udzandithokoza."

Mkazi wanga Godelieve, amene amasamala khola la zazikazi, anakanitsitsa. "Inu, Fien si chidole. Musayambe zinthu zimene simungazimalize." Ine ndinangoseka. Ndinatenga Rosse, kankhunda kofiira ka chaka chimodzi, kodzimva kwabasi, n'kukaika m'chisa pamodzi ndi Fien, Sooi akuonerera ali m'dengu. Anafufuma khosi, kulira kwake ngati thirakitala. Ndinati eya, zatheka! Ndinathamanga ndi dengu ku kalabu, n'kuiwala kutulutsa Rosse. Anakhala awiriwiri masiku awiri.

Lamlungu Sooi anafikadi woyamba. Koma atalowa anapeza Fien akukonza nthenga za Rosse, ndipo atayandikira, Fien anamujompha pamutu. Sabata yotsatira anafikanso woyamba, za Staf zisanaoneke n'komwe, koma anatera padenga n'kukhala phee. Mukudziwa kuti nkhunda ikapanda kulowa m'khola, wotchi ya mpikisano siiwerenga kuti yafika. Ndinagwedeza chitini cha chimanga, ndinaimba mluzu, ndinagwada pakapinga, ine munthu wa mawondo owawa. Mphindi khumi ndi zinayi, Aphungu! Staf anangosuzumira pampanda n'kufunsa, "Kodi ikuothera dzuwa?"

Godelieve anangoti, "Mukanandiyesa ine choncho, bwenzi mukugona padenga pomwepo ndi Sooi."

Kwatsala masabata atatu kuti tipite ku mpikisano wa ku Bourges, ku France, womaliza wa Sooi asanapume. Za chikho ndilibe nazo ntchito tsopano. Mantha anga ndi akuti ndikamutumiza kutali choncho, saonanso chifukwa chobwerera. Ndimaikonda mbalame imeneyi. Nditani?

R.D.M., Zottegem

A R.D.M.,

Ndaseka, ndikuvomera, koma musataye mtima. Nkhunda imene yafika padenga sinaiwale kwawo. Yangokhumudwa, ndipo ili ndi chifukwa.

Choyamba, Rosse achoke lero lomwe. Osati kumusamutsira m'chisa china, ayi, apite kumene Fien sangamuone kapena kumva mawu ake. Fien akhale yekha masiku asanu, pamalo abata, chakudya chopepuka.

Sooi musamutumize kumpikisano sabata ino ndi yamawa. Aziuluka pakhomo, azisamba, ndipo chisa chake chikhale chakechake, pasalowe wina. Mukamuitana n'kulowa, mupatseni mtedza pang'ono kuchokera m'manja mwanu.

Masiku asanu aja akatha, bweretsani Fien, koma pakati pawo pakhale waya tsiku loyamba. Ikanimo mbale ya chisa ndi tiudzu. Mukaona Sooi wagona m'mbalemo akuitana chapansipansi, Fien n'kuyamba kugwedeza mutu ndi kukoka mchira, chotsani waya uja. Asiyeni masiku awiri kapena atatu, kenako muwapatule asanaikire mazira.

Mukatero yambani maulendo aafupi. Kamumasuleni makilomita makumi awiri okha, ndipo nthawi iliyonse akafika apeze Fien ali pachisa, yekha. Musawathamangitse, akhale limodzi mpaka dzuwa lipendeke. Mukumuphunzitsanso kuti kulowa kuli ndi phindu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nsanje imagwiradi ntchito, a Staf sanakunamizeni. Koma ndi ya mphindi ziwiri, mwini khola ali chilili pomwepo, ndipo si ya banja limene layenda bwino zaka zonsezi. Komanso dzifunseni chifukwa chake malangizo okoma chonchi anachokera kwa munthu amene Sooi wakhala akumugonjetsa. Rosse uja mungawapatse iwowo ngati mphatso.

Chenjezo langa nali. Tsiku lopakira madengu a ku Bourges likafika Fien asanamulandire Sooi ndi mtima wonse, musamutumize. Bola apume alibe chikho kusiyana n'kuti muzikhala mukuyang'ana kumwamba mpaka nyengo yozizira. Ndipo woona ngati Fien wakhululuka asakhale inuyo. Afunseni mayi Godelieve, ndipo ulendo uno akayankha, musaseke. Mawondo anuwo padenga sangakwere.