Dzanja Limene Linaimitsa Makina

Lolemba, 7 Malichi
Mawa kuchipatala, akandiyeze mapapo. Popanda zimenezo ndege sindikwera, ndiye kuti ukwati wa Fatsani, chitsiriza changa, ndidzauonera pa foni. Mlongo wake Ndapile, amene ndikukhala naye kuno kunja kwa dziko, akuti makinawo ali ndi chigoba chovala kumaso. Chija anandimanga nacho nthawi ya korona ndimachimvabe pamphuno. Nanga ndikakomoka? Nanga akandigonekanso?

Lachiwiri, 8 Malichi
Zakanika. Anesi anandifunsa ngati ndakonzeka, ine "yes". Wachipatala sitimukana, ndi mmene tinakulira. Chigoba chitangokhudza nkhope, mpweya unandithera. Ndinachikoka n'kuthawira panja, nsapato imodzi kutsala momwemo. Tinakwera basi kubwerera ku Springburn, kumene timakhala. Titafika, Ndapile: "Amayi, bwanji simunanene kuti mukuopa?" Ndikanayambira pati?

Lachinayi, 10 Malichi
Mvula. Sindinatuluke. Fatsani waimba, sindinayankhe.

Lachisanu, 11 Malichi
Anesi aja, a Joanna, aimba foni. Ndimayesa andikalipira, koma apepesa ndi iwo. Ndapile amamasulira. Akuti anamva "yes" wanga koma sanayang'ane manja anga mmene amanjenjemerera. Afunsa ngati ndingafune kunena zimene zinandichitikira ndili chigonere m'chipatala nthawi ya korona. Ndanena. Anthu obisa nkhope, kundipana manja, kundimanga lamba kunkhongo, wondifotokozera palibe. Ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale Ndapile.

Akuti ndipitenso, ndikangokweza dzanja zonse ziima. Ine, wa Sitandade 4, kuimitsa anesi?

Lamulungu, 13 Malichi
Kutchalitchi Mayi Gwanda amva kale. "Asisi, mwathawa nesi. Nanga ndege muithawira kuti ili m'mwamba?" Ndaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri, 15 Malichi
Ndapitanso. Chitseko a Joanna anachisiya chotsegula. Lamba anachotsa, chigoba n'kundipatsa m'manja kuti ndichigwire ndekha. Ndinachitembenuza, kuchinunkhiza. Kanthu kopepuka.

Nditachiika kumaso mtima unayamba kuthamanga. Ndinakweza dzanja pang'ono chabe, ngati mwana wokayika yankho m'kalasi. Makina anazima pomwepo. A Joanna anangokhala pansi n'kudikira, osayang'ana wotchi.

Titayambanso ndinakweza mwadala, ndione ngati n'zoona. Anaimitsanso. Ndapile: "Amayi, apa ndiye mukusewera." Kenako ndinapuma, kupuma, mpaka mapeto.

Adokotala aona zotsatira. Ndege ndikwera! Ndamuimbira Fatsani tili momwemo, ndamuuza asauze telala kuti achepetse diresi, ndayambanso kudya.

Tikunyamuka, adokotalawo anafunsa ngati ophunzira awo angalowe adzamvetsere chifuwa changa. Ndapile anatsegula pakamwa kuti andivomerere.

Ndinati, "No. Lero ndatopa."

Anandiyang'ana mwana wanga ngati sakundidziwa. Adokotala anati chabwino, n'kunditsegulira njira.