Kutsanzika kwa a Lenah

Okondedwa asuweni a Chimango,

Muli bwanji kumudziko? Ine ndabwerako bwino ku Marsabit, tauni ya kumpoto kwa dziko lino, kumene ndinaperekeza anzanga, a Reuben ndi akazi awo a Lenah, posamuka.

Msewu wakumpotowo uli ndi achifwamba, ndiye magalimoto amanyamuka pamodzi ku Isiolo, asilikali ali patsogolo. Ife anatisiya! Tinachedwa chifukwa a Lenah anaumirira kutsanzika Amalawi onse a kuno ku Umoja, dera lathu la mu Nairobi, nyumba iliyonse tiyi ndi pemphero. Ndinawakalipira koopsa.

Mawa lake tinanyamuka ndi gulu lina. Panjira tinapeza lole ya gulu lotisiya lija, magalasi ali mbwee pansi, anthu mulibe. A Lenah anangondigwira dzanja.

Amayi muwauze za ngamila zokha zimene tinaona panjira, osati za loleyo. Ulendo wina ndikamadzachoka kumudziko, ndidzatsanzika khomo ndi khomo.

Ndine msuweni wanu ku Nairobi,
Tupochile