Chingwe Chobiriwira cha Tarni

Broken Hill
14 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene a Lachlan,

Tarni Penrose wandilanda malo. Inde, Tarni yemwe uja ankadya kwathu tsiku ndi tsiku tili kusekondale, amene ntchito ya kumgodi kuno ndinamupezera ndine. M'gulu lopulumutsa anthu pangozi, limene malemu bambo anagwiramo zaka makumi awiri, munatseguka malo amodzi okha. Mukudziwa mmene ndawadikirira. Lero dzina lolembedwa pakhomo ndi lake.

Nkhani yake ndi ya magetsi osonyeza njira yothawira pansi pa mgodi. A Trevorrow, akapitawo athu, anatigawira ine ndi Tarni aliyense mamita zana a msewu wapansi, nati amene akonze bwino alowa m'gululo. Ine ndinasankha timagetsi ta LED. Munthu woti anapita kusukulu angasankhenso chiyani? Timawala kwambiri, batire timadya pang'ono, ndipo timakhalitsa. Tarni anabwera ndi chingwe chowala mobiriwira, mtundu uja ana amakulunga panjinga pa Khirisimasi. Kuwala kwake ngati chiphaniphani chodwala, kabokosi kochipatsa moto kamalira ngati udzudzu, komanso chikagwira ntchito nthawi yaitali chimazilala.

Tinayeza kuwala kwa magetsiwo ndi makina m'shedi, anga anaposa kutalitali. Ndinamufunsa pamaso pa anthu, "Iwe Tarni, ukukonza phwando? Ukufuna anthu azivina pothawa moto?" Onse anafa nazo kuseka. Iye anangoti, "Keeley, m'shedi simusochera munthu." Mwano wake umenewo!

Lachitatu m'mawa anazimitsa magetsi onse pansipo, nadzaza misewu iwiriyo ndi utsi wa makina. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, nyali za pachipewa zili zozimitsa. A Dougie, mdala woyendetsa chigalimoto cha miyala uja, anatuluka mbali yanga akutikita maso. "Mwana wa malemu Kelvin, wandiimikira magalimoto angati m'menemo? Ndaona nyenyezi masanasana!" Atayenda mbali ya Tarni anati, "Koma kachingwe konyozekaka kali ngati munthu wakugwira dzanja."

Ndinati ukalamba ukuwavuta, ndipo ndinalowa ndekha mbali yanga kuti ndiwaonetse. Achimwene, izi musauze munthu. Mu utsi kagetsi kalikonse kanasanduka chimpira choyera chothobwa m'maso, ndipo pakati pa kena ndi kanzake panali mdima wa ndiweyani. Pamphambano ndinazungulira mutu, ndinagunda khoma, osadziwanso kumene ndachokera. Ndinagwada pansi, ndipo kumunsi kwa khoma ndinaona kamzere kobiriwira kosaduka. Ndinakatsata chokwawa mpaka ndinatulukira pamapazi pa Tarni.

Anandiona maondo ali fumbi lokhalokha. Akanandiseka, bwenzi ndamutukwana nkhani n'kutha. Koma a Trevorrow atafunsa chimene ndikuchita kumeneko, iye anati, "Anabwera kudzayendera ntchito yanga, bwana. Mukumudziwa Keeley, sakhulupirira munthu." Ndiye ndizimuthokozanso? Chifundo chimenecho ndicho chikundidya.

Ndisabise, ndinamufunsa kumene anatenga nzeruzo. Akuti kwa bambo athu, patebulo la kukhitchini kwathu. Ankatiuza kuti mu utsi munthu amayenda chokwawa, ndipo safuna kuwala kwambiri koma mzere wosaduka. Ine ndinali pomwepo, achimwene, pampando wanga. Kaya ndinkaganiza chiyani. Bambo anali anga, koma womva anali mwana wa eni.

Tsopano pempho langa ndi ili. Amayi akuti chipewa cha bambo, chofiira chija cha gulu lopulumutsa, ampatse Tarni chifukwa chikungodya fumbi pamwamba pa kabati. Inu amakumverani. Aimbireni foni muwauze kuti fumbilo ndizipukuta ndine. Malo ena adzatsegukanso chaka chamawa, ndipo ndagula kale mamita khumi a chingwe chonyansacho kuti ndichiphunzire. Chili pansi pa bedi, chikulira ngati udzudzu.

Moni kwa alamu a Bronwyn ndi ana. Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta. Tarni akuti ndikupatseni moni. Ndapereka, poti ine sindilanda za eni. Kunena za iyeyu ndi chingwe chake, ndalekera pano, ndipo mukadzabwera pa Khirisimasi musadzandifunse.

Ndine mlongo wanu,
Keeley