Girisi wa Ngolo mu Kilachi

Magodi, Lamlungu, 22 Juni

Adada, kodi kumeneko muli bwanji? Ife kuno tili makora. Amama mwendo uja ukupezako bwino. Mlongo wanga Tamara anachira pa 9 Epulo, mwana wamwamuna, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga tinamaliza kukolola pa 30 Meyi, ngolo khumi ndi imodzi.

Nkhani yaikulu ndi ya galimoto yanu. M'mwezi wa Malichi kilachi inatha, ndiye ndinagula puleti yake yatsopano kuboma n'kuisintha ndekha, monga ndinkakuonerani. Pasanathe sabata ziwiri galimoto inayamba kunjenjemera. Ndikati ndinyamuke ndi giya yoyamba, pochotsa phazi pa kilachi, inkagwedezeka mpaka zitseko kulira. Pobwerera m'mbuyo ndiye zinkanyanya. Koma ikayamba kuthamanga inkayenda bwinobwino.

Azakhali ankati ikulira mwini wake. Adada ang'ono, mng'ono wanu, anali ndi maganizo ena. Pa 18 Meyi, pamaso pa amama ndi azakhali, anati, "Iwe Yotamu, galimoto imeneyi inabadwa iwe usanabadwe. Juni akatha ikuvinabe ingoma chonchi, tiigulitse kwa bwana wa ku Chipata wotolera magalimoto akale uja."

Pa 7 Juni ndinaitana a Banda, makaniko wa ku Kasungu amene amadzakonza mathirakitala kuno. Anayamba ndi mphira zimene injini imakhalapo, anazipeza zolimba. Anasuzumira pansi kuona ngati oyilo akudontha kumbuyo kwa injini, kunali kouma gwa. Tinatsitsa giyabokosi. Atatulutsa puleti anainunkhiza, anaipaka chala, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, girisi yenseyu mumati mukudzoza ngolo?"

Ndinaulula kuti analidi wa m'chitini cha ngolo. Adada, paja munkati chitsulo chosadzozedwa chimakunenera kwa anthu. Ine ndinatsatira mawu amenewo, ndinapaka dzanja lonse pa shafuti imene puleti imalowapo. A Banda anaseka mpaka kukhala pansi. Anandifotokozera kuti injini ikazungulira, girisiyo ankamwazikira pa puleti, ndiye puletiyo inkagwira pena, pena n'kuterereka. Kunjenjemera kuja kunkachokera pamenepo.

Puletiyo inali itamwa kale girisi, sikukanatheka kuitsuka. Tinaika ina. Fulayiwilo, chitsulo chozungulira chimene puleti imagwirapo, inali ndi mawanga akupsa. Tinaikwecha ndi sandipepa, kenako tinaipukuta ndi petulo. Pa shafuti a Banda anaikapo girisi wochepa ngati njere ya mapira, n'kupukutanso wotsalayo.

Dzulo ndinakweza matumba khumi ndi awiri a chimanga, ndinakatenga adada ang'ono, tinapita pa chitunda cha kudambo, pamene munandiphunzitsira kunyamuka. Iwo anabwera ndi kapu yodzaza chindongwa, anaigwira pa bondo. Anati dontho limodzi likagwera pa buluku lawo, wa ku Chipata abwere Lolemba.

Ndinaima pakati pa chitunda. Ndinachotsa phazi pa kilachi pang'onopang'ono, galimoto inanyamuka myaa. Anati ndibwereze. Ndinabwereza katatu, kachinayi chobwerera m'mbuyo. Anayang'ana buluku, anamwa chindongwa chonse, n'kunena kuti, "Mawa udzanditenge, tipite ku tchalitchi." Za Chipata sanazitchulenso, ndipo lero m'mawa ndinakawatengadi.

Mawu anu aja sindikuwataya, Adada. Ndangodziwa kuti ankanena za ngolo. Chitini chija ndachibwezera kukhola.

Takusowani tonse. Mu Ogasiti simenti ndi mwala wa chiliza chanu zidzabwera pa galimoto yanu yomweyi, ndipo woyendetsa ndidzakhala ine. Mudzamva kulira kwake ikamakwera kudambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu