Njira ya Madzi Idutsa M'munda wa Amayi

Patsinde pa Michesi,
Phalombe.
18 Novembala 2001

Wokondedwa mng'ono wanga Edina,

Ndayamba ndi moni kwa iwe, kwa alamu anga ndi ana onse ku Mzuzu konko. Kodi muli bwanji? Chifuwa chija chinkamuvuta Hilda nthawi yozizira chinatha? Ine kuno ndilipo, kungoti bondo lakumanzere limadandaula kukachita mitambo. Mwana wanga Ephraim, amenenso ndi wako, nayenso ali bwino, ngakhale masiku ano za moyo wake ndimamvera kwa anthu.

Amalume a Eneya anandiuza kuti wavomera kugulitsa gawo lako la munda wa amayi, lakumtunda lija, kwa a Makina amene akufuna kumangapo resitihausi. Sindikukudzudzula. Gawolo ndi lako, ndipo ana akukula. Koma usanapereke mawu omaliza, imva kaye kwa ine zimene zachitika, chifukwa ukadzazimvera kwa ena zidzakupweteka koposa.

Iwe unachoka kuno chaka cha napolo, tikadali pansi pa boma la Mulanje. Utabwera lero ungasochere. Chikhalireni boma pathu pano, kwadzaza anthu a ntchito ochokera kutali, aphunzitsi, anamwino, makalaliki. Onsewa akufuna pogona, ndipo palibe cholakwika. Koma pafupi ndi msika malo anatha, ndiye nyumba zayamba kukwera phiri.

Munthu amangoloza ndi chala, agwirana chanza ndi mwini munda, mawa lake anyamata ayamba kuumba njerwa. Msewu palibe, ngalande palibe. Chimbudzi cha uyu chili kumtunda kwa chitsime cha uyo. Masuku aja tinkatola pochokera kusukulu anathera m'mauvuni.

Khwawa lija madzi anadzera linakwiririka. Pamera udzu wobiriwira, pamaoneka posalala, pokongola. Mlendo akapaona amati wapeza malo abwino. Eni mudzi amene akudziwa amangokhala chete, poti ndi iwo akugulitsa. Iwe ukudziwa kumene tinawapeza amuna anga a Lingson madzi ataphwa. Sindibwereza.

Chaka chatha tinayamba kukumana pabwalo la tchalitchi, amayi angapo ndi abambo awiri. Sitinkaletsa kumanga ayi. Tinkapempha kuti a boma abwere adzaonetse pomanga ndi posamanga, nyumba zipite kumunsi kosalala, misewu iyambe yadulidwa, njira ya madzi isiyidwe ndipo m'mbali mwake mubzalidwe mitengo. Zinali zomwezo basi.

Anthu anatipatsa dzina loti adani a chitukuko. Ankati ano ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu pa munda wake. Gulu lathu linayamba kuyoyoka ngati masamba a chinangwa m'chilimwe. Wina amuna ake anamuletsa. Wina anagulitsa malo ake mwakachetechete, kenako anayamba kundilambalala panjira. Pofika Isitala ndinapezeka ndakhala ndekha pabwalo paja, ndikuyang'ana mbuzi.

Edina, kukhala wekha pakati pa anthu amene unakula nawo ndi chinthu china. Ndikafika pamjigo nkhani zimaduka. Kutchalitchi benchi limene ndakhalapo limadzaza pomaliza. Pamaliro amandipatsa ntchito yotunga madzi kuti ndisakhale pamene amayi anzanga akucheza.

Ephraim ndiye anandimaliza. Amaumba njerwa za a Makina omwewo, ndipo anzake ankamuseka kuti amayi ake akufuna kuwatsekera ganyu. Tsiku lina atabwera kuntchito, matope ali mpaka m'mawondo, anandifunsa ngati ndikufuna kuti azidya miyala ya m'phiri. Ndinamukumbutsa za bambo ake. Anandiyankha kuti, "Amayi, ababa anapita kale. Nanga ife amoyo tidye chiyani?" Funso lakelo silinali lopusa. Sabata yomweyo anatenga bulangeti lake nkukachita lendi kachipinda kuseri kwa msika. Mpaka pano ndikamaphika kalongonda dzanja limandinamiza, ndimathira wa anthu awiri.

Ndinatsala pang'ono kuzisiya. Ndiye kunabwera mayi wina dzina lake Wanangwa, mphunzitsi wa kusekondale, kwawo ndi ku Rumphi. Ameneyu anagula puloti pakati penipeni pa khwawa. Anyamata ake akukumba maziko anafukula malata opindikapindika, mwendo wa bedi lachitsulo ndi mbale yamaluwa. Anatenga mbaleyo nkumayenda nayo khomo ndi khomo kufunsa kuti pamalopo panali nyumba ya yani. Aliyense ankati sakudziwa. Pomaliza wina anamuuza moseka kuti akafunse Alesi wamisala uja.

Anandipeza ndikusenda chinangwa. Mbaleyo ndinaizindikira asanaiike pansi. Inali ya a Magret, amayi aja ankatipatsa nzimbe tikamadutsa pakhomo pawo. Ukukumbuka kuti m'nyumba imeneyo simunatsale munthu.

Ndinamuuza zonse, osawonjezera, osachotsera. Anakhala pamkeka, mbale ija ili m'manja. Kenako anati ali ndi ana awiri, ndipo chipinda chawo chikanakhala pomwe panatuluka bedilo. Anafunsa kuti bwanji palibe anamuuza, chonsecho amawaphunzitsira ana awo tsiku ndi tsiku. Tinangosenda chinangwa chija limodzi mpaka chinatha.

Anaimitsa ntchito yomanga, ngakhale zinthu zake zambiri zinali zitalowa kale pamenepo. Kuyambira apo tinakhala awiri. Iye amadziwa mayankhulidwe a m'maofesi, ine ndimadziwa phiri. Tinapita kuboma maulendo ambirimbiri, nthawi zina pa njinga yahayala, nthawi zina wapansi. Mwezi wathawu anatimvera, ndipo anatumiza anthu oona za malo kudzachititsa msonkhano.

Kunabwera anthu ochuluka ngati kuli mpira. A Makina anayankhula bwino, ndisaname. Si munthu woipa. Anati resitihausi yawo idzalemba ntchito anyamata ndi atsikana a konkuno, alendo okaona Fort Lister azidzagona pathu m'malo mobwerera ku Mulanje. Kenako anatembenukira kwa ine nkunena kuti mayi awa akuvuta chifukwa cha nsanje, poti munda wawo uli kumunsi ndipo palibe waufunsa. Anthu anaomba m'manja. Ephraim anali kumbuyo, anangoweramitsa mutu.

Mkulu wa alendo a boma aja anafunsa kuti ndani angawaonetse mmene madzi anadzera chaka chija, kuti akhome zikhomo. Edina, pamenepo panali anthu amene anakumba nawo matope ndi manja kufunafuna abale awo. Onse ankayang'ana pansi. Ndinadikira kuti mwina wina aimirira. Palibe. Ndinamanga chitenje nkutsogola.

Tinayambira kumtunda, pamene phiri linang'ambika. Ine patsogolo, anyamata a zikhomo zofiira pambuyo, khamu lonse likutsatira. Ndikaloza, iwo akhoma. Tinadutsa m'minda ya anthu, ena akung'ung'udza, ena akutukwana chapansipansi. Kenako tinafika pa munda wa amayi.

Apa ndi pamene pali nkhani imene ndakulemberayi.

Amalume anali pambali panga. Anatsokomola, nkundilozera ndi maso kumanzere, kumene kuli tchire lopanda mwini. Ndikanatha kukhota pang'ono, alendowo sakanadziwa kanthu. Ndinaima. Ndinaganiza za iwe, za sukulu ya Hilda, za zaka zonse wakhala usakupempha kalikonse kwathu kuno. Koma madzi sanakhote, mng'ono wanga. Iwe ndi ine tinawaona tili pachulu paja, akudutsa pakati pa chimanga cha amayi, atasenza miyala yaikulu ngati nkhokwe.

Ndinadutsa pakati pa gawo lako. Zikhomo zofiira zili mmenemo tsopano, kuyambira pa mpoza uja mpaka kumalire a kumunsi.

Anthu anasiya kung'ung'udza. Amalume anandiuza pamaso pa onse kuti ndamulanda m'bale wanga chakudya pakamwa, nkuchoka. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuponda pakhomo panga.

Zikhomozo sizinakhale lamulo. Alendo aja anati adzabweranso akamaliza kujambula mapu a dera lonse, ndipo sindikudziwa kuti ndi liti. Nchifukwa chake a Makina akufulumira. Akuti chikhomo ndi kamtengo chabe, chimazuka. Akangomanga iwo, ena onse atsatira, ndipo a boma akadzabwera adzapeza khwawa lonse lili ndi malata pamwamba. Zikhomo zina anthu azula kale. M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndimakwera kukazibwezera.

Wanangwa naye amusamutsa, akupita ku Chiradzulu sukulu ikatsekera. Anabwera kudzandiuza yekha, atanyamula mbale ija. Anati si yake, ndiisunge ine. Ndaiika pawindo. Sindidyeramo.

Lachinayi kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu ndithu. Madzi ofiira anatsika kuchokera kumene kunali masuku kuja, nkudzera pakati pa zikhomo ngati akuziwerenga. Sanawononge kanthu, anangokokolola milu iwiri ya mchenga wa omanga. Kutacha ndinakwera monga mwa masiku onse.

M'munda wa amayi ndinapezamo munthu atagwada, akukhoma chikhomo ndi mwala. Anali amalume. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Anamaliza kukhoma, nachigwedeza kuona ngati chalimba, nkudzuka movutikira. Anati chinali chitapendama, iwo sakonda kuona chinthu chopendama m'munda wa mlongo wawo. Atayenda pang'ono anatembenuka nkunena kuti, "Umulembere wekha mng'ono wakoyo. Ine ndatopa kunyamula mauthenga a anthu awiri obadwa mimba imodzi."

Ndiye ndakulembera.

Pempho langa ndi ili. Usagulitse gawo lakumtunda. Tenga langa la kumunsi, lija lili m'mbali mwa msewu. Ndi losalala, madzi safikako, ndipo alendo aja ananena kuti kumeneko ndi kumene kuyenera kupita nyumba. Ukafuna kugulitsa kwa a Makina, gulitsa, akamange resitihausi yawo pamalo pamene alendo awo adzagone nkudzuka. Ukafuna kudzamangapo yako ya paukalamba, ndingakondwe koposa. Ine nditenga lamiyalalo. Ndidzabzalamo nandolo ndi mibawa, zindikwanira. Ndatsala pakamwa pamodzi.

Ngati wakwiya, kwiya, uli ndi chifukwa. Ndinalowa m'gawo lako osakupempha. Koma usandikwiyire uli chete ngati anthu a kuno. Ndilembere, ngakhale mawu ake akhale owawa, ndidzawerenga.

Ndipo ngati alamu angalole, bwera pa Khirisimasi. Ndikudziwa chimene sunabwerere zaka zonsezi, ndikudziwa kuti mtambo ukakhala pa Michesi mtima wako umathamanga. Wanganso umatero. Koma bwera udzaone ndi maso ako, udzayende nane m'khwawamo kamodzi kokha. Ephraim amakumvera iwe kuposa ine, mwina ukadzamuitana adzabwera kudzadya nafe. Ndatopa kuyankhula ndi nkhuku, Edina. Ndikufuna munthu woti ndikatchula dzina la amayi, iye nkudziwa mmene ankasekera.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa Hilda ndi kwa Caleb, amene ndimangomudziwira pa chithunzi. Uwauze anawo kuti ali ndi mayi wawo wamkulu ku Phalombe, ndipo mango a pakhomo ayamba kupsa, palibe wothyola. Mulungu amene anatisunga pachulu paja akusungeni nonse, akupatseni mvula yabwino yopanda mantha.

Ndine mkulu wako wokusowa,
Alesi