Chipepeso pa Imfa ya Aphunzitsi Idi, ndi Nkhani ya Bokosi la Mchere

Chinsapo, Okutobala 2006

Kwa abanja la malemu Aphunzitsi Harun Idi,

Ife a Bungwe la Amayi Ogulitsa pa Geti la Sekondale talandira uthenga wa imfayi ndi chisoni chachikulu, ndipo mpaka lero sitikumvetsa, pakuti Lachisanu lomwe anamwaliralo anagula chinangwa kwa ine n'kundinena kuti ndachulutsa mchere.

Bambo amenewa anaphunzitsa sayansi pasukulu yopanda labu, madzi a pamjigo, moto wa pambaula. Mabotolo a mankhwala anatolera okha, n'kumawasunga m'bokosi kunyumba kwawo poopa akuba. Ana athu anaphunzira kusungunula, kusefa ndi kuumitsa mpaka mchere wabuluu utamera m'mbale ngati timiyala. Lamulo lawo ngakhale ife apageti tinaliloweza: si choyera chilichonse chothira m'ndiwo, ndipo za m'botolo salawa.

Tsono inu a Fatu, alongo awo a malemu, mutangotsika basi ya ku Machinga, maliro asanatuluke n'komwe, munali mutakhalira kale bokosilo, ati "za achimwene n'zathu." Mayi Zulekha, amasiye, atakuuzani kuti n'zasukulu, munawayankha kuti mkazi wobwera alibe mawu. Tsiku la sadaka mchere utatha, munatsegula botolo la m'bokosimo n'kuthira m'nyemba. Zotsatira zake tonse tinaziona: mzere wa kuchimbudzi unakafika pampanda wa aneba, a Grain, ndipo a Shehe pemphero la duwa analimaliza ali chiimire. Ana a Fomu 4 akuti tinachita mwayi, uwo unali mchere wotsegula m'mimba chabe. Mukanatola botolo lina lapoizoni, bwenzi tikukumba manda mpaka pano.

Mayeso a pulakitiko ayandikira, ndipo kalasi lonse, ndi mdzukulu wanga Saida yemwe, lilibe poyesera. Wailesi ndi njinga kanganiranani ndi alamu anu, ine ndidzabwera ndi mpando wanga kudzamvera. Koma bokosilo libwerere kusukulu.

M'malo mwa amayi onse, tikupepesa Mayi Zulekha ndi ana, Mulungu awalimbitse mtima pa nthawi yowawayi. Inunso a Fatu pepani, pakuti mlongo ndi mlongo, ngakhale wamanja aatali. Mawa m'mawa tikubwera ndi wilibala. Mabotolo tikawapeze onse, ndipo tiyi musatiphikire.

Ine Gogo Zipora Kamwendo,
Wapampando